Chigongono cha amayi

Bambo anga ndi kalipentala. Akalambira m'fumbi la matabwa, pensulo ili kukhutu, ndipo zitseko zambiri za mumsewu wathu anakhoma ndi iwo. Koma anatchukanso ndi tulo. Ankatha kugona ali chikhalire, kasitomala akulongosolabe za kabati imene akufuna. Mkonono wawo, eee, ngati macheka.

Atawapeza ndi matenda a shuga, amayi anasintha zonse kukhitchini. Tiyi wopanda shuga, zokazinga ayi, mankhwala pa nthawi yake. Koma akakayezetsa, shuga osatsika. Azakhali, alongo awo a bambo, anayamba kulengeza kuti amayi akuwaphera mlongo wawo ndi zophikaphika, ndipo analumbira kuti adzawatenga akawasamalire okha. Ine zinkandiwawa zedi, koma amayi ankangopitiriza kusamalira bambo.

Chinatipulumutsa ndi mzere wa kuchipatala. Tsiku lina masana titadikira mpaka kutopa, bambo anagona pa benchi. Mkonono unayamba, anthu n'kumaseka. Kenako unaduka. Chifuwa chikulimbana, mpweya osalowa. Amayi, osacheuka n'komwe, anawagunda ndi chigongono m'nthiti. Bambo anakoka mpweya ngati wotsamwa, n'kupitiriza tulo tawo.

Adokotala ena achitsikana amene ankadutsa anaima, n'kufunsa ngati zimenezi zimachitikanso kunyumba. Amayi anachita manyazi, paja zakuchipinda sizikambidwa pagulu. Koma anayankha.

"Usiku uliwonse, adokotala. Akasiya kupuma ndimawagunda. Chiyambire mwana uyu ali kumsana."

Mwana wakeyo ndi ine, ndipo ndili ndi ana anga awiri.

Adokotalawo, Mulungu awadalitse kumene ali, anatikhazika pansi. Anati munthu akamabanika kutulo chonchi thupi silipuma, limakhala ngati likuthamangitsidwa, ndipo shuga amavuta kutsika ngakhale munthu adye mosamala bwanji. Anawatumiza kokayezetsa tulo. Lero bambo amagona ndi kamakina kowathandiza kupuma, shuga akumvera, ndipo kasitomala amamaliza nkhani yake. Azakhali nawo anasiya zonena zija, moti masiku ano amachita kuwatamanda alamu awo.

Koma tsiku lija potuluka pa geti la chipatala, bambo anayenda pang'onopang'ono. Kenako anaima n'kuwayang'ana amayi.

"Nanga inuyo, mayi a ana, zaka zonsezi mumagona nthawi yanji?"

Amayi anangowakonzera kolala ya malaya, n'kuwauza kuti tifulumire basi ingatisiye.