Makapisozi ndi Chala cha Malume

Malume anga ndi osoka nsapato. Akhala pakhonde la sitolo ya zitsulo zaka makumi awiri, ndipo sakhulupirira chinthu chimene sanachitsegule okha. Guluu amayamba amununkhiza. Wailesi ikalosera mvula, amati alipo amene akufuna kugulitsa maambulera.

Chaka chatha singano yobowolera chikopa inawabaya chala chachikulu cha kumanja, chimene amakokera ulusi. Chinatupa, mafinya n'kuyamba. Kuchipatala anawapatsa makapisozi a sabata yathunthu, ndipo namwino anawachenjeza kuti matendawo akafika pafupa, chalacho chidulidwa.

Tsiku lachitatu ndinawapeza akutsegula kapisozi n'kumathira ufa wake pabala.

"Malume, amenewo ndi akumwa!"

"A Digiri mwabwera?" Ndi mmene amanditchulira chimalizireni maphunziro a ku yunivesite. "Bala lili kuchala, iwo akuti ndiponye m'mimba. Kapisoziyu ali ndi maso? Akufuna ndichire mochedwa kuti ndizikawagwadira."

Ine mtsutso sindiuthawa. Ndinawafotokozera kuti mabakiteriya sali pamwamba pa bala pokha, alowerera mu mnofu, kumene ufa wowaza sungafike. Kapisozi akasungunuka m'mimba, magazi amanyamula mankhwalawo thupi lonse, chala chomwe.

"Ndiye aphanso ine."

"Ayi. Bakiteriya ali ndi chikhungwa cholimba, ndipo akamaswana amayenera kusoka chatsopano. Mankhwala anuwa amamuletsa kumanga mfundo za msokowo, chikhungwa n'kuphwasuka, iye n'kuphulika. Maselo a munthu alibe chikhungwa choterocho. Koma mukalekeza panjira, otsalawo aswananso."

Anandiyang'ana ngati kasitomala wokana kuti nsapato anaing'amba yekha.

"Msoko wopanda mfundo suchedwadi," anatero. "Koma iwe mphwanga, namwino uja wakutuma?"

Sanagonje tsiku limenelo. Anagonja m'mawa mwake, ataona kufiira kukukwera chakumkono, ulusi ukuwapulumuka. Tinabwerera kuchipatala, anafinya balalo, n'kuwapatsa makapisozi ena. Amenewo anamwa onse, pa nthawi yake. Koma akameza, ankaima chilili kwa mphindi khumi, dzanja lili lende pafupi ndi bondo, kuti mankhwala asasochere.

Chala chinapola, ngakhale sichipindika bwino. Akusokabe. Ndawauza kasanu konse kuti magazi amapopedwa ndi mtima, sachita kutsetsereka. Iwo amangondionetsa chalacho.

"Ndikanakweza dzanja, bwenzi atachiritsa chigongono."