Nkhono za a Jere zathera m'mimba mwa abakha

A Jere, amene tayandikana nawo nyumba pano pa Mzimba boma, anagwirako ntchito yophika kwa mzungu wina ku Durban. M'nyumba ya mzunguyo munali thanki yagalasi ya madzi amchere, nsomba zamawangamawanga, ndi nkhono zikuluzikulu zongokhalira kufukula mchenga. Pobwera kumudzi anzawo ananyamula mawailesi ndi majekete. Iwo ananyamula botolo la tinkhono ta m'madzi wamba, poti zamcherezo zikanafera m'njira.

Atafika anamata magalasi a mawindo kupanga thanki yawo, n'kuthiramo mchenga, madzi, tinkhono tija ndi tinsomba ta mumtsinje wa Mzimba. Ine ndinkati ndi misala. Koma ndikaweruka kuntchito mumandipeza pomwepo, kukamwa kuli yasa.

Lachiwiri lapitali akazi awo, a NyaGondwe, ankayembekezera amayi a kumpingo. Anasesa, anakolopa, kenaka diso linagwera pa thanki. Nsomba anaziika m'beseni, mchenga anautsuka ndi sopo mpaka mbee, nkhono zonse n'kukhuthulira abakha.

A Jere pobwera madzulo anangogwira m'chiuno.

"A NyaGondwe, nkhono zanga zili kuti?"

"Zija za likodzo? Mumafuna alendo atinene kuti ndife auve, a Jere?"

"Si za likodzo zija! Ndizo zimadya zonyansa mumchengamo. Mbwenu mwandipha ine."

Kaya ndi sopo, kaya ndi kusowa kwa nkhono, nsomba zinayamba kuyandama chagada. Pofika Lachisanu inatsala imodzi, nayonso ikupumira m'mwamba. Ndinamva chisoni, ndisaname. Bambo wamkulu ngati uja kumatakasa mchenga ndi kamtengo m'mawa uliwonse, kuyesa kugwira ntchito ya nkhono!

Koma musafulumire kuwaseka mayiwa. Kodi si ife tomwe timapaka laimu miyala ndi mitengo yonse tikamva kuti kukubwera mlendo wamkulu, chimbudzi kuseri chilibe chitseko? Bwalo timalisesa mpaka dothi labwino lonse kupita ndi mvula. Chule tikamuona pakhonde timamuponyera kutali, usiku n'kumadandaula udzudzu. Ukhondo wathu ndi wa maso a alendo. Chinthu chikangokhala chosaoneka bwino timachithamangitsa, osayamba tafunsa kuti chimagwira ntchito yanji.

Komanso azaumoyo amatiuza tsiku ndi tsiku kuti nkhono za m'madambo zimafalitsa likodzo, ndipo sanama. A NyaGondwe anamvera. Nanga a Jere, zaka zonsezi akukhala ndi thanki pabalaza, anawakhazikapo pansi akazi awo n'kuwafotokozera kusiyana kwake? Ayi ndithu. Ankafotokozera ine, munthu wobwera.

Dzulo ndili komweko, a NyaGondwe analowa chitenje chili chonyowa mpaka m'mawondo, m'manja muli kachitini. Anali atapita kudambo okha, n'kulowa m'madzi aja amawaopa, kukatola nkhono ndi manja.

"Ndapota, a Jere. Ikanimo izi, kansomba kangafe."

A Jere anasuzumira m'kachitinimo, ine ndinasuzumiranso. Zinali za likodzo zenizeni zija azaumoyo amajambula pa zikwangwani zawo. Akaziika muthanki alowetsa matenda pabalaza. Akazikana awaswa mtima mayi amene waika moyo wake pachiswe chifukwa cha kansomba ka mwamuna wake.

Anapukuta manja a akazi awo ndi shati yawo, n'kuti, "Yewo chomene. Mawa tilawirire kuchipatala akakuyezeni."

Kachitiniko kakadali pakhonde. Inu mukanawauza bwanji mayiwa?