Mwana Wanga Sanatchule Munthu

Anabwera Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Juni, kukuwaza kamvula kozizira kaja ka ku Mzuzu. Anali apolisi awiri, osavala yunifolomu. Anagogoda pa ofesi yathu ku Katawa, napukuta nsapato pachiguduli asanalowe.

"Monire, a loya. Abwana akuti mukacheze nawo mphindi zisanu zokha."

Ndinasiya tiyi patebulo poganiza kuti ndimupeza akadali wofunda.

Ntchito yanga inali yolondoloza mmene apolisi amagwiritsira ntchito makina otsegula mafoni a anthu. Ndinkauza aliyense kuti foni ili ngati nyumba, mlendo salowamo popanda chikalata cha khoti. Koma mafoni a anthu a kabaza omwe anagwidwa pa zionetsero ankatsegulidwa popanda chikalata chilichonse. Amene anandiululira anali wapolisi wa m'chipinda cha makinawo, bambo wa ana atatu. Anandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti dzina lake lisamveke.

Ndinadziyesa wochenjera. Posafuna kulankhula naye pa laini yanga, ndinatenga ina yomwe inkangokhala m'dirowa kunyumba ku Masasa, ndipo m'foni ndinamulemba kuti "Wamakala". Ndinaiwala, ine loya wathunthu, kuti laini imeneyo inalembetsedwa pa chiphaso cha amayi. Kwathu kuno timatero. Amene wafika pamzere ndi chiphaso amalembetsera banja lonse.

Pa kauntala ya ku polisi anandivula nsapato ndi lamba, natenga mafoni onse awiri. Za m'chitolokosi sindinena zambiri. Tinalimo ambiri, chidebe chinali chimodzi, ndipo simenti ya mu Juni ilibe chisoni.

Lachitatu ananditengera kwa wofunsa mafunso, bambo wa magalasi, waulemu wake. Patebulo panali mapepala a mauthenga anga onse, ndi omwe ndinafufuta kalekale.

"Wamakala wanuyu akudziwa zambiri chomene za makina athu. Ndi ndani?"

"Chikalata cha khoti chotsegulira foni yanga chili kuti?"

Anamwetulira. "Malamulo mumawatha, a loya. Koma mnzanuyo anakuposani nzeru. Nambala yake ndi ya munthu amene anamwalira, ikutifikitsa kumanda. Yanuyi ikutifikitsa ku Masasa."

Kenako anandibwezera m'chitolokosi.

Lachinayi masana anandiitananso, ndipo chitseko anachisiya chotsekula mwadala. Pabenchi panja panakhala amayi, atavala bulauzi yoyera ndi duku, poti anawatenga akupita ku mapemphero a amayi kutchalitchi. Anali opanda nsapato. Nsapatozo zinali pa kauntala, pamodzi ndi kabotolo kawo kopopera mphumu.

"Iwe, wadya?" anafunsa amayi, osakweza mawu.

Ndinagwedeza mutu.

"Andiuza zomwe akufuna. Usatchule munthu chifukwa cha ine. Wamva?"

Wa magalasi anatseka chitseko pang'onopang'ono.

Amayi anawaika m'chipinda choyandikana ndi chathu. Lachisanu m'mawa ndinayamba kumva mpweya wawo ukulira likhweru kuseri kwa khoma. Phokoso limenelo ndinalidziwa ndili mwana, ndipo ndinkadziwa komwe limathera. Ndinapempha wapolisi wamkazi wotilondera kuti awapatse kabotolo kaja.

"Pepani, adona. Za pa kauntala zimatuluka ndi mwiniwake."

Ndinatsamiritsa khutu pakhoma mpaka dzuwa litafika pamutu. Likhweru lija linayamba kudukizadukiza. Ndinaganiza za ana atatu aja, sindikana. Ndinawaganizira, kenako ndinamenya chitseko n'kupempha kuti andiitanire wa magalasi.

Ndinatchula dzina. Ndi lalifupi, silinatenge nthawi.

"Yewo chomene," anathokoza motero, akulilemba mosamala.

Anatitulutsa madzulo a tsiku lomwelo, popanda mlandu, popanda khoti. M'minibasi yopita ku Masasa amayi anapopa mankhwala kawiri, mpweya nubwerera. Anandigwira dzanja.

"Waona, mwanawe? Ukalimba amatopa okha."

Ndinayang'ana pawindo.

Wapolisi wa ana atatu uja anamuchotsa ntchito mwezi usanathe, ndipo mlandu womwe ndinkakonzera anthu a kabaza unafera m'mazira, poti mboni yangayo sinalinso pafupi ndi makina aja. Lero nayenso amayendetsa njinga yamoto ya kabaza pa depoti. Tsiku lina anaima patsogolo panga, nakweza galasi la chipewa.

"Tipite, a loya?"

Munalibe ukali m'mawu ake. Ukanakhalamo, mwina ndikanapepesa. Ndinamuuza kuti ndikudikira munthu, iye nayendetsa.

Ntchito sindinasiye. Ndikamaphunzitsa aloya achichepere za makina amenewa, sindiyamba ndi malamulo. Ndimayamba ndi funso: laini yanu ili pa dzina la ndani? Amaseka, kenako ena amayamba kuganiza za agogo awo, za azakhali awo, kuseka n'kutha.

Amati ndinatuluka mfulu, ndipo n'zoona, ndimayenda kumene ndikufuna. Koma njira ya pa depoti ndimailambalala, ndipo njinga yamoto ikaima pafupi nane ndimayang'ana kumbali. Ufulu wanga anaulipira ndi munthu amene sanafunsidwe. Amayi akanatsala m'chipinda chija, sindikanadzikhululukira. Apanso sindinadzikhululukire.

Amayi ali moyo, ndipo sakudziwa. Lamlungu lililonse tikamatuluka m'tchalitchi, pakapezeka mlendo, amandikokera kwa iye ndi dzanja.

"Uyu ndi loya wanga. Anamutsekera masiku anayi, ine anandiika pa simenti, koma mwana wanga sanatchule munthu."

Mlendoyo amandigwira chanza ndi manja awiri. Ine ndimapinda maondo n'kunena kuti yewo.