Phukusi Lokwera Chapa

Ndimagwira ntchito mu ofesi ya sukulu ina ku Insaca, ndipo ntchito yanga yaikulu ndi kulemba mayina. Chaka chilichonse aphunzitsi amandipatsa mndandanda wa ana olemba mayeso, ine n'kuukopera mu fayilo ina, imene timasindikiza n'kumata pakhoma. Pepala lapakhomalo timalitcha pauta. Chaka china dzina la mtsikana wa ku Chiuta linagwera pakati pa mafayilo awiriwo. Anabwera tsiku la mayeso atachapa yunifolomu, anawerenga pakhoma kawiri, dzina lake kulibe. Bambo ake, msodzi wachikulire, sananditukwane. Anangoti, "Inu a ku sekretariya, mwanayu ndadzuka naye bwinobwino m'mawa uno. Pa pauta panupa wamwalira liti?" Manyazi anandigwira, ndinasowa poyang'ana. Mtsikanayo anadikira chaka chathunthu.

Kuyambira pamenepo ndinkagwiritsa ntchito kapulogalamu kofananitsa mafayilo. Kamaika fayilo imodzi kumanzere, ina kumanja, mzere uliwonse wosiyana n'kuupaka mtundu, moti ngakhale maso atatopa umauona. Kanali m'gulu la mapulogalamu aulere amene timaika m'makompyuta athu, osonkhanitsidwa ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana. Tsiku lina ndinawerenga chilengezo chakuti amene ankakasamalira wasiya, ndipo ngati sipapezeka wina kaundula wa mapulogalamu a chaka chimenecho asanatsekedwe, kachotsedwa. Ndinapsa mtima. Ndinalemba kuti ndikatenga ine, ndisanadziwe n'komwe kuti phukusi amamanga bwanji.

Phukusi ndi pulogalamu yokonzedwa kuti munthu angoiika n'kuyamba ntchito. Womanga amalemba zimene ikufunika kuti iyende, fayilo iliyonse ikakhale pati, eni ake analola zotani. Ukamaliza, wina wa m'gululo amaliunika asanalilandire. Wondiunika ine anali bambo wina wakutali amene nkhope yake sindinaionepo.

Koyamba anandibweza, ndipo ankanena zoona. Phukusi langa linkayenda bwino pa kompyuta yanga chifukwa kachidutswa kopaka mitundu kanalimo kale, ine osakalemba pa zofunika. Pa kompyuta yatsopano linkangotsegula zenera lopanda kanthu. Wakutsina khutu ndi mnansi: ndinathokoza, n'kukonza.

Kachiwiri ndi pamene tinayambana. Kapulogalamuka n'kopepuka, koma kamabwera ndi buku la malangizo m'zinenero zambirimbiri, lodzaza zithunzi, lolemera kwambiri kuposa iko komwe. Ine ndinagawa pawiri, kapulogalamu pakokha, buku palokha, wolifuna alitenge. Bamboyo analemba kuti ndikuvutitsa anthu ndi maphukusi awiri, kuti masiku ano palibe amene amadandaula za kulemera kwa fayilo, ndipo ngati intaneti ikundivuta, mwina ntchitoyi ndisiyire wina amene ali pabwino.

Mawu omalizawo anandibaya. Ndinadzuka pampando, kuzungulira bwalo la sukulu kawiri dzuwa lili paliwombo, mnzanga wa mu ofesi n'kumandiseka. "Iwe, ukulimbana ndi munthu woti sadziwa n'komwe kuti boma lathu la Mecanhelas lili kuti? Tenga kaneta yolembera, tizifananitsa ndi chala ngati kale." Ndinamuyankha kuti chala chomwecho n'chimene chinadumpha mwana uja, ndipo anasiya kuseka.

Ndinabwerera pampando n'kulemba yankho, mwaulemu koma osagwada. Ndinafotokoza kuti kuno netiweki imabwera ngati mlendo wosanena tsiku, ndipo makompyuta a masukulu a kunyanja, ku Amaramba ndi ku Chiuta, intaneti sanailawepo. Maphukusi ndimatsitsa ine pafoni, kuwaika pa fulashi, n'kupatsira mphunzitsi wokwera chapa, minibasi ya kuno, kapena njinga. Buku la zinenero zimene kuno palibe amaziyankhula limatha kutsitsidwa tsiku lonse, fayilo n'kudukira panjira, mawa kuyambiranso. "Amene ali pabwinoyo," ndinalemba choncho, "anali nako kapulogalamuka, ndipo wakataya. Amene watsala ndine. Phukusi ndaligawa, ndipo sindiliphatikizanso."

Bamboyo anakhala chete masiku anayi, tsiku lotseka kaundula likuyandikira. Ndinkaopa, sindingabise. Ndikanangophatikiza, akanalandira tsiku lomwelo, koma phukusilo likanathera pa kompyuta yanga yokha, osafika kunyanja. Sindinasinthe ngakhale mzere umodzi. Tsiku lachisanu analemba mawu ochepa, kuti wasuntha fayilo imodzi imene ndinaiika polakwika, zina zonse walandira. Sanapepese, inenso sindinkadikira kupepesa kwake. Mawa lake fulashi inakwera chapa.

Nyengo ya mayeso itafika ndinatsegula kapulogalamu kochokera m'phukusi lomanga ndekha, mndandanda wa aphunzitsi kumanzere, wanga kumanja. Mizere yonse inali yoyera kupatula umodzi wobiriwira, chakumunsi. Ndinali nditadumphanso dzina, la mwana wa ku Amaramba. Ndinalilemba, n'kufananitsanso, kenako ndinatuluka kukamata pauta pakhoma.