Giya Yachiwiri ya a Bobini

Dzina lawo lenileni lili pa chiphaso, koma matelala onse amene makina awo anadwalapo amangowadziwa kuti a Bobini, dzina la kokulungapo ulusi ka m'makina. Kwa zaka zoposa makumi awiri bamboyu wakhala akuzungulira pa njinga yamoto, kachikwama ka masipanala ndi kabotolo ka oyilo zili pa thanki, kukonza makina osokera m'makonde a masitolo ndi m'nyumba za anthu. Makina akamadumpha ulusi, iwo amangotchera khutu kamodzi n'kuloza pamene pali vuto. Akakanika kukonzera pomwepo, amazula mutu wa makinawo pa tebulo lake, n'kuumanga kumbuyo kwa njinga ndi mphira, ulendo wa kunyumba.

Mutu wa makina ndi umene unawathyola mwendo, ngakhale iwo mpaka lero amanamizira mchenga. Tsikulo ankabweza makina a telala wina wokalamba wa kutsidya kwa mlatho, atawakonza bwinobwino. Pa kona ya potsetsereka, pamene mvula inaunjika mchenga, tayala lakumbuyo linaterereka. Munthu wina aliyense akanagwiritsa chiwongolero ndi manja onse awiri. A Bobini anaponya dzanja kumbuyo kuti agwire makina a kasitomala. Makinawo anatuluka opanda pokandika paliponse, koma mwendo wamanzere unathyoka pawiri m'munsi mwa bondo. Amene anawanyamula amasimba kuti funso lawo loyamba linali lakuti kodi singano yapindika. Kaya kumeneko n'kukonda ntchito kaya ndi misala, yankho anali nalo ndi akazi awo, ndipo analinena m'chipatala momwemo odwala onse akumva.

Telala wokalamba uja anabwera kudzawazonda. Akazi a a Bobini, amenenso ndi telala wosokera pakhomo, anamuuza kuti atenge makina ake asanaphe munthu. Nkhalambayo inakana kwamtuwagalu. Inati ili ndi makina ena oti n'kumagwiritsa ntchito, ndipo amene anatenga awa ndi amene adzawabweze, pa njinga yomweyo. Motero makinawo anakhala pamwamba pa kabati miyezi isanu ndi iwiri atafunditsidwa nsalu, a Bobini n'kumawayang'ana m'mawa ndi madzulo.

Fupa linalumikizana, chikhakha chinachoka, ndodo nayo inapita kuseri kwa chitseko. Linatsala ndi phazi. Kuponda pansi linkaponda ndithu, koma kukweza zala m'mwamba linkakana, ndipo adokotala anati mtsempha unavulala, mwina udzadzuka, mwina ayi. Kwa munthu woyenda wapansi imeneyo ndi nkhani yaing'ono, kungokoka phazi pang'ono basi. Kwa wanjinga ndi nkhani yaikulu, chifukwa giya yoyamba amaiponda ndi zala kutsitsa pansi, koma yachiwiri ndi zina zonse amazinyamula ndi zala zomwezo kukweza m'mwamba. Akazi awo sanafune n'komwe kumva za magiya. Anatenga kiyi wa njinga n'kumuponya m'kabokosi ka makina awo, pakati pa mabatani.

Munthu wokonza makina sungamubisire chinthu m'makina. Loweruka lina mayiwo atapita kukagula nsalu, a Bobini anavundukula njinga, anaipukuta, anathira mafuta amene ankasunga m'kachigubu, n'kuiliza. Inatsokomola kawiri, kachitatu inavomera. Anavala chisoti, anafinya kilachi, n'kuponda giya yoyamba. Kha! Njinga inatuluka pageti, mphepo n'kuwawomba kumaso koyamba chichokereni m'chipatala, ndipo bambo wa imvi zake anayamba kuseka yekha pamsewu ngati wapenga.

Chimwemwecho chinatha pa mtengo wachitatu wa magetsi. Injini inapempha giya yachiwiri, a Bobini analowetsa zala pansi pa kachitsulo kosinthira magiya, koma phazi linangoti zii. Anayesanso, analinyengerera, analitukwana, koma ayi ndithu. Njinga inapitirira pa giya yoyamba, ikulira ngati nkhumba yomangidwa miyendo, liwiro lake loti mayi wina wopalasa njinga yakapalasa anawapitirira n'kuwapatsa moni. Anthu anatuluka m'masitolo kudzaona chimene chikuphedwa. Ndipo pa siteji, amene ankatsika minibasi ndi mpukutu wa nsalu kukhwapa anali akazi awo.

Mayiwo sanakalipe, anangotenganso kiyi uja, ndipo zimenezo zinawawa kuposa kukalipa. Masiku atatu m'nyumba munkangomveka makina osokera. A Bobini anagwa mphwayi. Njinga anaifunditsanso, ndipo makina a pakabati aja anasiya kuwayang'ana chifukwa cha manyazi. Mumtima anavomera kuti ntchito yawo yatha, kuti tsopano azikhala pakhonde kudikira amene angawabweretsere makina, ngati alipo.

Tsiku lachinayi, pofuna kugula mtendere, anapempha kuti athire oyilo m'makina a akazi awo. Atathira anakhala pampando kuti awayese, mapazi pa chopondera, makina n'kumathamanga. Mayiwo anaima ndi sizasi m'manja, maso ali pansi pa tebulo. Anawauza kuti achotse phazi lamanja. Makina anapitirira kuyenda ndi phazi lodwala lija, zala zikuponda kutsogolo, chidendene chikuponda kumbuyo. Kenako anafunsa kuti kodi giya yachiwiriyo imafuna chiyani kwenikweni, ndipo a Bobini anatola rula n'kufotokoza mwaulemu kuti nsonga ya kachitsulo iyenera kukwera.

"Ndiye kachitsuloko katakhala ndi mchira kumbuyo, inu n'kuponda mchirawo ndi chidendene, kutsogolo sikukwera? Bambo, zaka zonsezi mukukonza zopondera, simunaone kuti palibe telala amene amakweza phazi?"

A Bobini anadzuka mpando n'kugwa, anathamangira kuseri kumene amaunjika makina akufa, phazi likukwekwereza, n'kuzula chitsulo pa chopondera china chadzimbiri. Anakankha njinga mpaka kwa alamu awo owotcherera zitsulo, achimwene awo a mayiwo, akufotokoza nkhaniyo asanalowe n'komwe pageti. Alamuwo anaseka mpaka kukhala pansi, anati nzeru za banja lawo zinapita zonse kwa mlongo wawo, ndipo a Bobini anakwatira mwamwayi. Pofika masana mchira unali utawotchereredwa, ndi kachitsulo kafulati popondera chidendene. Njinga ili pa sitandi, a Bobini anaponda. Kha, yachiwiri. Kha, yachitatu. Anakweza magiya ndi kuwatsitsa mwina kakhumi, mpaka alamu awo anawachotsapo.

Kiyi sanabwerere tsiku lomwelo. Mayiwo anati chidendene chimene chagona miyezi isanu ndi iwiri sichingadalirike pamsewu, chiyambe chalimba. Sabata yathunthu a Bobini anapinda mayunifolomu a sukulu ndi phazi lamanzere lokha, akuimba mluzu, akazi awo atapezerapo wantchito waulere. Mzere ukakhota ankawasomboletsa. Lachisanu madzulo anayang'ana mipendero yonse mmodzimmodzi, n'kuika kiyi patebulo, koma ndi mawu ake: makina a pakabati aja samangidwanso kumbuyo ndi mphira, awanyamula iwo pamiyendo. A Bobini anadabwa, pakuti mayiwa chikwatiraneni anali asanakwerepo njingayo, ankaitcha mkazi mnzawo.

M'mawa mwake ananyamuka, zisoti kumutu, makina ali pakati pa awiriwo. Pa mtengo wachitatu wa magetsi uja injini inapempha, chidendene chinaponda, ndipo giya yachiwiri inalowa mofewa. A Bobini anakuwa m'chisoti. Yachitatu inalowa pafupi ndi siteji, yachinayi atadutsa pa sitolo ya mankhwala, msewu n'kutseguka, mitengo n'kuyamba kuthawira kumbuyo monga kale. Matelala a m'makonde anaimirira ndi matepi m'khosi, ena akuimba m'manja, wina akuthamangira njinga kufuula kuti makina ake akudula ulusi kuyambira chaka chatha. A Bobini ankaliza hutala kwa aliyense, ngakhale kwa agalu. Misozi inkatsika, iwo n'kumati ndi mphepo.

Kenako unafika mtsetse uja, ndi kona yake. Mchenga unalipo ndithu, wochepa, m'mphepete. A Bobini anatsitsa giya, anachepetsa liwiro, ndipo njinga itayamba kupendekeka kuti ikhote, makina anasuntha pang'ono n'kuwagunda pamsana. Dzanja lamanzere linachoka lokha pa chiwongolero, ulendo wa kumbuyo. Silinafike. Linakumana ndi khofi lowawa, ndi mawu a m'khutu:

"Makina ndagwira ine. Inu gwirani njinga."

Dzanja linabwerera pamalo pake, njinga inakhota bwinobwino, mlatho n'kuonekera kutsogolo.

Telala wokalamba uja anawaona akubwera, ndipo anadzuka pang'onopang'ono ngati sizikumukhudza. Analandira makina ake, anawakhazika pa tebulo limene linakhala lapululu miyezi yonseyi, anakoleka lamba, n'kusoka kansanza atatseka maso kuti amve kulira kwake. Atamaliza anagwedeza mutu, anati makina akonzeka bwino, kungoti okonzawo ndi ochedwa pang'ono. Kenako anagwira dzanja la a Bobini ndi manja onse awiri, osalisiya msanga.

Apo ndi pamene nkhalambayo inafunsa chimene chachitikira jekete ya a Bobini. A Bobini anadziyang'ana. Matumba onse awiri anali atasomboka mpaka m'munsi, akulendewera. Anatembenukira kwa akazi awo, amene anali atakhala pa benchi, chisoti chikadali kumutu. Makina aja anali atawapana ndi maondo okha njira yonse. Manja awo onse awiri anali pa amuna awo.

A Bobini anakhala pambali pawo n'kufunsa motsitsa mawu ngati akufuna kubwerera pa minibasi. Mayiwo anavula chisoti, anapukuta kumaso, n'kuyang'ana matumba aja ndi diso la telala.

"Jeketeyo ndikasoka. Tiyeni, ndipo pobwererapa muikenso yachinayi ija, sindinaimve bwino."