Mabenchi a Lachisanu

Aneba anga kuno ku Chisepo ndi bambo wachikulire amene anaphunzira masamu apamwamba kuyunivesite. Anabwerera kumudzi zipani zitangoyamba kuchuluka. Lachisanu lililonse masana amachititsa semina monga ankachitira ndi anzawo kusukuluko. Amaimika bolodi patsinde pa mtengo wa mango n'kumafotokoza zimene akufufuza pa manambala osagawika. Amakonda kunena kuti, "Semina siitha popanda funso."

Mabenchi amasenza ndi alongo awo, kuchokera nawo kutchalitchi mpaka kukwera chitunda. Palibe amene amawathokoza, ndipo kawirikawiri pamabenchipo sipakhala munthu.

Tsiku lina anthu anadzaza poganiza kuti ndi msonkhano wa chipani. Ataona kuti nsalu sizikugawidwa, anachoka mmodzimmodzi. Bambowo ankangolemba osacheuka. Atamaliza anatembenuka, choko chili m'manja.

"Pali funso?"

Alongo awo, amene anatsala okha kumbuyo, anakweza mkono.

"Achimwene, nanga Lachisanu likubwerali mudzatiuza zotani?"

"Funso labwino kwambiri limenelo, mayi," anayankha bambowo.

Madzulo ake ndinawaona mayiwo akutsika chitunda, benchi ili pamutu.