Timu ya Mbuzi ndi chibwibwi changa

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 6 ku Bembeke. Ndinali mtsikana wachibwibwi, ndipo m'kalasi ndinkakhala kumbuyo kwenikweni kuti aphunzitsi asamandione.

Loweruka lina masana anationetsa kanema wanthabwala m'holo ya parishi. Anali wa timu ya basiketibolo imene sinapambanepo chiyambire. Chingerezi chake sitinkachimva, koma tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Poti pa malaya a osewerawo panajambulidwa mutu wa mbuzi, ife tinangoitcha Timu ya Mbuzi. Tikutuluka, aphunzitsi athu a Mbewe anandiloza.

"Agnesi, Lolemba udzaimirira kutsogolo n'kutifotokozera chimene timu ija inkagonjera."

Chakudya chinandikanika tsiku limenelo. Ku Misa Lamlungu sindinapemphe china kwa Mulungu, koma kuti andidwalitse malungo.

Pobwerera kunyumba, bambo anga ankakankha njinga m'chifunga, ine ndikukoka miyendo pambuyo pawo. Atandifunsa chimene chavuta, ndinawauza misozi ikulengeza.

"Kanemayo ine sindinamuone," anatero. "Tandiuza, mbuzi zakozo zinkatani?"

Ndinayamba movutika. Ndinawauza za wosewera wamtali ngati mtengo wa paini wa m'nkhalango ya Chongoni, amene ankatsinzina mpira ukamabwera. Panali wina wamfupi, waliwiro zedi, koma liwiro lakelo ankathamangira nalo kugoli kwawo komwe. Wina ankayamba wapesa tsitsi asanaponye. Nanga mphunzitsi wawo! Ankakuwa mpaka mano ake oikirira kugwa pansi, osewera n'kusiya mpira kumathandiza kufunafuna. Bambo anaseka mpaka anagoneka njinga m'mbali mwa munda wa mbatata ya kachewere.

"Ndiye ankagonjeranji?"

"Aliyense ankaopa kusekedwa, Ababa. Akagwira mpira ankangoutaya ngati khala lamoto."

"Ukanene zomwezo. Anzako akaseka ndithu. Koma mawu akakakamira, usakathawe. Ukaime pomwepo, ukawadikire."

Lolemba ndinadzuka wamoyo, malungo osabwera. Kunkazizira kwambiri. Ndinaima kutsogolo n'kuyamba. "Ti-ti-ti-ti..." Mawu oti timu anakana kutuluka. Kalasi yonse inafa ndi phwete, mnyamata wina kumbuyo n'kulira ngati mbuzi. Maso anga anali pachitseko, ndikuyeza mtunda woti ndithawe.

Sindinathawe. Ndinadikira, ndipo mawuwo anabwera. Nditafika pa wosewera wamtali uja, ndinatambasula manja n'kutsinzina monga ankachitira iye. Anasekanso, koma kuseka kumeneku kunali kwina, sikunkandibaya. Ndinakakamirabe kangapo mpaka ndinamaliza. A Mbewe anangoti, "Khala pansi, Agnesi. Wanena zoona."

Lero ndine namwino, ndipo chibwibwi sichinathe. Pali masiku amene dzina la mankhwala limandikakamira pakamwa, wodwala akundiyang'ana, mantha aja n'kubwereranso monga kale. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti bambo sanandinamize kuti anthu sadzaseka. Anandiuza poyera kuti adzaseka, n'kunditumabe. Kuseka kwa anthu kumatha msanga, amatopa okha. Koma mawu amene munthu wawathawa amakhala m'khosi mwake zaka zonse.